Nsapato za Mpira Zabwerera Pakhomo

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga. Kuno tili bwino, ndipo ulendo uno sindikungonena mwachizolowezi ayi. Bondo lija likadandivutabe ndikamakolopa masitepe a kusukulu, koma tikupirirana.

Mwezi watha pafoni ndinakuuzani kuti mphwanu, mwana wanga wamwamuna amene inu mumamutcha Dokotala, wakula nzeru. Ndinanyadira kuti wakonza chipinda chake mpaka kunsi kwa bedi, wabweza mabuku onse a anzake, ndipo nsapato za mpira munamutumizira zija wapatsa mnzake wa m'kalasi. Inu munati, "Eya, mpira wakwana, alimbikire sayansi." Tinaseka tonse. Achimwene, tinkaseka zinthu zosaseketsa.

Sabata yomweyo kusukulu kunabwera mayi wina wa uphungu kudzaphunzitsa za ana amene amaganiza zodzipha. Ine ndinalowa m'chipinda cha aphunzitsi kukangotolera makapu, koma ahedi anati, "Mayi, ikani thireyi pansi, izi n'za aliyense." Ndinakhala kumbuyo ndi alonda, maganizo ali pa ndowa yanga imene ndinasiya pakhonde. Mumtima ndinkati izi n'za ana a eni ake, osati wanga.

Kenaka mayiyo anayamba kutchula zizindikiro. Mwana amene wakhala wosakondwa nthawi yaitali n'kudekha mwadzidzidzi. Kulongosola katundu wake. Kugawa zinthu zimene amazikonda kwambiri. Mayo ine! Ndinagwira mutu ndi manja awiri. Alonda anandinong'oneza kuti, "Mwatani mayi, mwadwala?"

Mayiyo atamaliza ndinamutsatira mpaka pagalimoto, epuloni ili m'chiuno. Ndinati, "Nanga ndikamufunsa mwana wanga, sindimupatsa maganizo amene analibe?" Iye anati, "Ayi mayi, kufunsa sikuyambitsa zimenezo. Mufunseni mosazungulira, kenaka mutseke pakamwa, mumvetsere." Inu mukundidziwa, chibadwire pakamwa panga sipanatsekekepo.

Madzulo ake ndikutsuka mbale, mwanayo akupukuta, ndinalimba mtima. Mawu enieniwo ndinawatchula ndi pakamwa pangapa: "Mwanawe, kodi ukuganiza zodzipha?" Anapukuta mbale imodzimodziyo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Amayi, mwadziwa bwanji?"

Ndinadziluma lilime n'kukhala pampando, iye anayankhula mpaka madzi a m'beseni anazizira. Sayansi yakhala ikumukanika chiyambire chaka, ndipo ine wosesa m'kalasi mwake tsiku lililonse sindinadziwe kanthu. Anati akamva dzina loti Dokotala pachifuwa pamamuthina, chifukwa ankaona ngati watinamiza tonse, ndiye tikanapepukidwa iye atachoka. Kupepukidwa, Achimwene! Ndinalira, sindibisa.

M'mawa mwake tinapita limodzi kwa aphunzitsi a uphungu, m'kachipinda kamene kale tinkasungiramo matsache. Tsopano muli mipando iwiri ndi katani. Amapitako Lachitatu lililonse, ndipo anatitumizanso kuchipatala kumene akumuona mwezi ndi mwezi. Aphunzitsiwo anamupatsa kakhadi koti alembepo anthu atatu oti aziwauza zikamuvuta. Analemba ine, iwowo, ndi inu. Ndinadabwa, koma iye anati, "Amalume ndimawaopa, komanso ndimawakonda."

Sindikunena kuti zatheratu. Masiku ena amadzuka wolemedwa, koma tsopano amanena. Akudya ngati dzombe, akulimbirana rimoti ndi mlongo wake, ine n'kumangomvetsera phokosolo mtima uli m'malo.

Kalatayi ndalemba iye atavomereza, ndipo pempho langa ndi limodzi. Mukaimba Lamlungu musakalipe, musayambenso kudziimba mlandu, ndipo za mayeso zisiyeni kaye. Mumuitane ndi dzina lake lenileni, lija munasankha inu nomwe tsiku limene anabadwa. Udokotala ukabwera tidzaulandira. Ukapanda kubwera, mwana tili naye.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mlongo wake wa mnyamatayu akuti chikwama munamulonjeza chija sanaiwale, musayese kuti mwapulumuka. Mphwanu nayenso akupereka moni. Dzulo anapita yekha kwa mnzake uja kukapempha nsapato zake, akuti Loweruka kuli mpira. Panopa zili pakhomo penipeni, matope okhaokha, zikununkha moti mphaka akuzilambalala. Ine wokolopa ndazidumpha kanayi lero, ndipo sindinazisunthe.

Ndine wanu wokukondani,
Mlongo wanu wolongolola uja