Kompuresa sinapse ulendo uno

Amayi, kwacha bwanji kumeneko?

Kuno ku Kawale kwacha kotentha, dzuwa la Okutobala lija. Nyenje zayamba kulira m'mamawa, makondakitala a minibasi akuitanira za m'tauni, ndipo kuseri kuno wina akukhoma malata. Ndikulemba ndisanapite kusukulu.

Achemwali a Esinta ali ndi mwana wamkazi, mphuno ngati yanu. Papaya munabzala pafupi ndi bafa uja wabereka, ngakhale ana a anthu akutithandiza kudya.

Koma nkhani yaikulu ndi ya achimwene a Limbani. Mukukumbukira mmene anachokera pakhomo? Anathira gasi mu eyakoni ya galimoto ya kasitomala osaona mafuta, kompuresa yopopa gasiyo n'kupsa, Abambo n'kuwakalipira pamaso pa anthu kugalaja kwawo ku Biwi. Chisamukireni ku Mtandire, anangobwera pamaliro anu basi.

Sabata yatha a Che Ajusa, ogulitsa nsalu aja, anabweretsa galimoto yawo, eyakoni itasiya kuziziritsa. Maso a Abambo masiku ano sakuona bwino manambala a pa geji yoyezera gasi. Loweruka Abambo anandituma ku Mtandire. Za kupepesa sanatchule, anangoti ndikauze achimwene kuti pakufunika munthu wowerenga geji. Njira yonse ndinkaopa kuti akana.

Anabwera, Amayi. Ine ndinakhala pa tayala n'kumaonerera. Anapeza paipi yomwe inkataya gasi n'kuisintha. Abambo atagwira kiyi kuti alize injini n'kuyesa eyakoni, achimwene anawagwira dzanja kuti adikire kaye. Anayamba apopa mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipi, kenako anayeza mafuta a kompuresa n'kuipukusa ndi dzanja pang'onopang'ono kuti mafutawo afike paliponse. Gasi anathira pomaliza, maso ali pa geji. Ndinakumbukira mmene munkandiuzira kuti ndisamaike poto pambaula ndisanathiremo madzi. Ndinaonanso Abambo akumwetulira chobisa. Kiyi uja anamugwira dala.

Mphepo yozizira itayamba kutuluka, Abambo anakhala kutsogolo, anakweza magalasi, n'kutsegulira achimwene chitseko cha mbali inayo. Anakhalamo awiriwiri kwa kanthawi. Zomwe anakambirana sindinamve.

Ndimakukondani, Amayi. Papaya wanu ndizimuthirira, ndipo mayeso ndilimbikira monga ndinalonjezera.

Madzulo a tsikulo tinabwerera kunyumba atatu: Abambo, ine, ndi achimwene. Lamulungu achimwene anakatenga chikwama chawo ku Mtandire. Akugona kuchipinda kwanga, ndipo kuliza mkonono kuja sanasiye.

Ndine mwana wanu,
Dalitso