Chonde cha Kumtunda

Loweruka, 5 Okutobala

Kwa amayi. Achimwene atsimikiza: akuswa mphanje kumtunda kwa kuseri kwa nyumba, kuja malemu bambo anakusiya ndi mitengo. Akufuna chimanga. Andikokera komweko, atapa dothi patsinde pa mtengo, lakuda bii. "Chonde ichi, Amabuku. Tanunkhiza." Amabuku ndine, chiyambire ku pulayimale.

Ndanunkhiza. Masamba owola basi.

Lamulungu, 6 Okutobala

Ndakumba maenje ndekha. Dothi lakuda kuya kwake chikhatho chimodzi. Pansi pake timiyala, kenako thanthwe, khasu kumangolira. Kutsetsereka kwake: botolo la madzi ndinaligoneka pansi ndakalitola kumpanda wa dimba. Malo otere ndi a mitengo, udzu, mwina zipatso. Osati khasu chaka ndi chaka.

Kumunsi kwake kuli dimba la amayi ndi khoma la chipinda chawo. Madzi alibe njira ina.

Ndafotokoza tikudya. Achimwene: "Mizu ya chimanga siwerenga." Alamu kuseka. Amayi: "Chonde ana inu, osakanganirana pambale." Chonde chinanso chimenecho. Mawu amodzi, ntchito ziwiri, ndipo zonse zikunditsutsa ine.

Lachitatu, 23 Okutobala

Mitengo yagwa, atero amayi pafoni. Ndapempha chimodzi chokha: mizere ikhale yopingasa, ndibwere ndi chingwe ndi zikhomo tiyeze, tibzale udzu m'milambala. Achimwene akuti aona.

Kusukulu lero ndaphunzitsa mutu wa kukokoloka kwa nthaka. Ana amva onse. Ana a eni.

Lachisanu, 8 Novembala

Wolima ndi ng'ombe wakana zopingasa, ati ng'ombe zikupendekeka, pulawo ikugwa. Achimwene avomera. Ng'ombe zaona zimene ndinanena, koma yankho lapezeka lina: kulima chotsika. Mizere yonse yaloza pazenera la amayi ngati mipope.

Sindinakweze mawu. Ndajambula papepala mmene madzi adzayendere. Alamu akulungira mbewu ya maungu pepalalo.

Loweruka, 14 Disembala

Chithunzi pafoni: chimanga chobiriwira, achimwene ataima pakati, manja m'chiuno. Pansi alemba, "Moni kwa mabuku."

Phulusa ndi masamba akale, chakudya cha chaka chimodzi. Ndalemba zimenezo, ndafufuta. Choona chimayenda pang'onopang'ono, chithunzi chimafika lero lomwe.

Mutu ukuwawa. Mayeso a ana osachonga.

Loweruka, 11 Januwale

Mvula ya Lachinayi. Ndafika m'mawa. Dimba kulibe, nsonga za mitengo ya tomato zokha zikusuzumira m'matope. M'chipinda cha amayi matope afika m'miyendo ya bedi. Khoma lang'aluka kuchokera pazenera kutsika. Akugona pabalaza, pamkeka, ndi msana wawo uja.

Ndakwera kumtunda. Thanthwe lili mbee. Mzere uliwonse wasanduka ngalande. Chimanga chotsala chaima pamizu yapamtunda ngati nkhuku yonyowa.

Amayi akukokolola matope ndi fosholo, akana kundipatsa. "Chonde cha achimwene ako chatsika chokha kudzandizonda." Aseka okha. Ine ayi.

Achimwene tsiku lonse kukankha wilibala, maso pansi. Ndimayesa ndidzamva kukoma tsiku lotere. Palibe. Khoma silisamala kuti analondola ndani, ndipo mvula ikadalipo mpaka Malichi.

Lachiwiri, 14 Januwale

Achimwene aimba nthawi yopuma, ndili ndi choko m'manja. Sanati Amabuku. Anati mlongo wanga. Kenako: "Chonde, ubwere Loweruka ndi chingwe chako chija."

Ndinali nazo zonse pakamwa: kuti dothi la chikhatho chimodzi limatenga mibadwo kuti lipangike, kuti chingwe sichibweza chimene chapita. Ndangofunsa ngati zikhomo zilipo. Ati asema kuchokera ku nthambi za mitengo ija.

Chonde chotsala kumtunda kuja ndi chomwecho, chimene anena pafoni. Tiyamba nacho.

Udzu wa m'milambala ndikapempha kwa mlangizi wa zaulimi mawa. Chingwe kaya ndinachiika kuti.