Kukwera si Kukuwa: Mlandu wa Bambo Anselmo ku Komiti ya Kwaya

KOMITI YA KWAYA YA MONIKA WOYERA, KAMPHEPO

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, mphepo itatithamangitsa panja
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Opezeka: Bambo Ganizani Ngozo, Wapampando, Mayi Thandiwe Kamtedza, Mphunzitsi wa kwaya, Mayi Fiona Chadza, Mtsogoleri wa sopulano, Zilole Kachigamba, Mlembi.
Woitanidwa: Bambo Anselmo Maseko, woimba besi.
Wopepesa: Bambo Dennis Mbewe, Mtsogoleri wa besi. Akukumba mbatata.

1. Kutsegula

Wapampando anapemphera mwachidule chifukwa cha kuzizira. Mlembi anawerenga zolembedwa za msonkhano wapita osaphonya ngakhale chilembo chimodzi, ndipo zinavomerezedwa.

2. Dandaulo la Mayi Fiona

Wapampando anakumbutsa komiti kuti mwezi watha Mayi Fiona anapempha kuti Bambo Anselmo achotsedwe m'kwaya mpikisano wa makwaya wa mu Julaye usanafike, chifukwa amakuwa m'malo moimba. Komiti inapatsa bambowa mwezi umodzi wophunzira kumvetsera mawu a nyimbo, ndipo akalephera abweze yunifomu.

Bambo Anselmo, amene aimba m'kwayayi zaka 31, anabwera ndi yunifomuyo m'jumbo, yochapa ndi yosita, naiika patebulo. "Ndangonyamuliratu," anatero, "kuopa kuyenda kawiri."

Mayi Fiona anati iwo alibe nawo chifukwa bambowa, koma pa Pasaka aphunzitsi atangonena kuti "besi, kwezani pang'ono", Bambo Anselmo anakuwa mpaka malata ananjenjemera ndipo makanda onse m'tchalitchi analira. Mlembi akuchitira umboni kuti tsiku limenelo mlamu wake wa ku Kasina anamuimbira foni kufunsa ngati kuno kwagwa zovuta.

3. Lipoti la Mphunzitsi

Mayi Thandiwe anati anagwiritsa ntchito mabotolo asanu ndi atatu okhala ndi madzi osiyana kuchuluka. Ukagogoda ndi supuni, la madzi ambiri limalira mawu apansi, la madzi ochepa limalira apamwamba. Masabata awiri oyamba sanaphule kanthu. Akagogoda botolo n'kunena kuti "imbani mawu amenewa", Bambo Anselmo ankawapeza bwinobwino. Koma akati "tsopano kwezani", ankaimba mawu omwewo mokuwa.

Sabata yachitatu phunziro linakachitikira kunyumba kwa bambowa, mlembi atanyamula mabotolo panjinga, chikweza chonse chija, osataya ngakhale dontho. Titafika, Bambo Anselmo anaitana akazi awo, Mayi Magadalena, amene amamva movutikira, kuti abweretse mipando. Mayiwo anayankha ali kuseri kwa nyumba: "Kwezani mawu, bambo a Pilira, sindikumva!" Bambo Anselmo anakuwa ndendende mmene amakuwira m'tchalitchi. Pomwepo Mayi Thandiwe anagwetsa supuni. Mlembi anali atazindikira kale, koma anasiyira aphunzitsi chifukwa cha ulemu.

Mayi Thandiwe anauza komiti kuti vuto silinali khutu la bambowa koma liwu lakuti "kwezani". Kunyumba, kumsika, kumaliro, ngakhale pa wailesi, kukweza mawu n'kuwonjezera mphamvu. Ku kwaya kokha n'kumene timatanthauza kupita pa mawu apamwamba, ndipo palibe anawauzapo zimenezi.

Bambo Anselmo anati: "Aphunzitsi anayi adutsa pano. Aliyense kwezani, ine n'kukweza, iye n'kukwinya nkhope. Ndinkati mwina sindinafikebe, ndiye ndinkawonjezera."

Mayi Thandiwe anati kuchokera tsiku limenelo amawauza kuti "kwerani" kapena "tsikani", ngati munthu wopita kunkhuni kuphiri, ndipo zinthu zinayenda.

4. Mayeso

Mayi Fiona anati lipotilo n'lokoma koma lipoti siliimba pa mpikisano. Anapempha kuti bambowa ayesedwe pomwepo, mafunso khumi, akaphonya limodzi yunifomu itsale. Wapampando anavomera, koma anati wofuna khumi mwa khumi naye aime pakhoma aonetse chitsanzo. Mayi Fiona anati limenelo si vuto, iwo anabadwa akuimba.

Onse awiri anayang'ana kukhoma. Mayi Thandiwe ankagogoda kawiri, iwo n'kunena ngati kulira kwachiwiri kwakwera kapena kwatsika. Mafunso asanu ndi anayi onse awiri anakhoza, ngakhale Bambo Anselmo thukuta linali kamukamu m'nyengo yozizira ngati ino.

Pa funso lomaliza Mayi Thandiwe anagogoda botolo limodzi lomwelo kawiri, koyamba pang'onopang'ono, kachiwiri mwamphamvu.

"Lakwera!" anatero Mayi Fiona supuni isanafike n'komwe patebulo.

Bambo Anselmo analiganizira funsolo nthawi yokwanira munthu kupita ku Bembeke wapansi n'kubwerako. Wapampando anayamba kuyang'ana jumbo ija. Kenaka bambowa anati: "Ayi, silinakwere ili. Ndi lomwe lija, langokuwa. Ndikulidziwa bwino, ndi m'bale wanga limeneli."

Wapampando anamenya tebulo mpaka mabotolo onse analira pamodzi. Mayi Magadalena, amene nthawi yonseyi anali pawindo, sanamve yankho koma anaona nkhope zathu, ndipo anaimba nthungululu imene mlembi akukhulupirira kuti inadzutsa anyani ku Chongoni.

Mayi Fiona anati duku linawatseka makutu. Bambo Anselmo anati, "Musadandaule mayi, mabotolo ndikubwerekani, aphunzitsi ake ndili pano." Mayi Fiona anaseka mpaka misozi, natenga jumbo ija n'kuipereka kwa bambowa ndi manja awiri. Anachotsa dandaulo lawo.

5. Zimene komiti inagwirizana

(a) Bambo Anselmo akhalabe m'kwaya ndipo akaimba ku mpikisano.
(b) Mawu akuti "kwezani" ndi "tsitsani" aletsedwa m'kwaya muno. Tizinena kuti kwerani, tsikani, mwamphamvu, pang'onopang'ono.
(c) Tisanayambe kuphunzira nyimbo, aliyense aziima pakhoma mphindi khumi kumvetsera mabotolo. Mayi Fiona anafunsa ngati "aliyense" akuphatikizapo atsogoleri. Wapampando anati makamaka atsogoleri.

6. Zina ndi zina

Mayi Thandiwe anapempha kuti Bambo Dennis auzidwe kuti madzi a m'mabotolo si akumwa. Sabata yatha anamwako a m'botolo lachisanu, "so" n'kusanduka "la", ndipo alito yonse inasochera.

Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti makwaya ena onse a m'chigawo chino ayambiretu kulira, chifukwa chikho tatenga kale. Wapampando anati zimenezo zisalembedwe. Sizinalembedwe.

7. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 12 Julaye 2025, malo omwewa, 2 koloko masana.

8. Kutseka

Wapampando anapempha Bambo Anselmo kuti atseke ndi pemphero. Bambowa, atavala kale yunifomu pamwamba pa jekete, anayamba kupemphera motsika kwambiri. Wapampando anati, "Kwezani mawu, a Maseko, sitikumva."

Bambo Anselmo anatsegula diso limodzi.

"A Wapampando, ndikwere kapena ndikuwe?"

Pemphero linayambidwanso kawiri chifukwa cha kuseka, ndipo msonkhano unatha nthawi ya 4:10 madzulo.

Ganizani Ngozo, Wapampando ____________________

Zilole Kachigamba, Mlembi ____________________