Chitsulo chobooledwa ndi kamtengo

Loweluka. Kwatentha, ndipo mtima sunakhale pansi.

Masana ndinasiya kuwotchelela mageti n'kupita ku babashopu ya ba Mwansa ku Kabwata, kukasewela gemu yankhondo pa TV yawo. Tinapangana kuti woluza ametedwa ndevu. Anandilangiza okha kuti msilikali wanga ndimuveke zachitsulo kuyambila kumutu mpaka kumapazi. Ndinavomela, poti chitsulo ndimachidziwa. Wawo analowa ndi kabudula chabe.

Wanga ankayenda ngati wasenza geti. Kamuvi kamodzi pachifuwa, wagwa. Kasanu konse! Ine nditapanga chitsulo chotelo, makasitomala angandithamangitse.

"Shani mbuya, mbewa zija mumadya kum'mawa sizipatsa mphamvu?" anatelo ba Mwansa, moni wake wa Chibemba, akupukuta makina ometela.

Ndikumukayikila, munthuyu ankadziwa kuti zitsulozo n'zokongoletsa chabe. Koma wakum'mawa ngati ine sakwiyila Mubemba, ndi mbuya wake wochita naye nthabwala, akakupusitsa umaseka. Ndinaseka mano okha.

Ndevu zanga zimetedwa Lolemba. Ndinati tibweleze mawa, ine kabudula, iwo chitsulo. Pomwepo anayamba zakuti mawa ali ndi kwaya kuchalichi. Ba Mwansa, kwaya? Kuyambila liti...