Madontho Oyera pa Miyala ya Ababa

Chilomoni,
Blantyre.
12 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Ramsey,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga ndi ana muli bwino ku Joniko. Kalatayi ndapatsira a Willard oyendetsa basi aja, pamodzi ndi nandolo amene munapempha. Pafoni ndimakuuzani kuti zonse zili bwino chifukwa ababa amakhala ali pafupi, ndipo sitiroko ija makutu awo sinawakhudze. Papepala pano ndinena zinthu mmene zilili.

Ababa anatuluka m'chipatala mwezi watha. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira ntchito. Amadya, amagona, amatizindikira. Koma mawu anapita, latsala liwu limodzi lokha, loti chabwino. Akafuna madzi amati chabwino, ndikawapweteka powatembenuza amatinso chabwino. Adokotala akuti mawu ena angabwerere, mwinanso ayi. Ndawerenga zonse zimene ndapeza za matendawa, ndipo mabuku akunena zomwezo, kungoti amazungulira.

Chimene ndikulemberani makamaka ndi nkhani ya miyala yawo.

Mukudziwa mmene anayambira kuitola nthawi imene ankayeza misewu ku Chikwawa ndi kumpoto: masamba, zidutswa za mitengo, nkhono ndi mafupa zimene zinasanduka mwala anthu asanakhaleko. Mwala uliwonse ankaudontheza penti yoyera, kadontho kochepa ngati njere ya mphodza, ndipo pentiyo ikauma ankalembapo nambala ndi inki yakuda. Nambalayo ndiyo inkalozera m'buku lawo, momwe analemba malo, chaka ndi mtundu wa dothi. Paja ankati mwala wosadziwika kwawo ndi wogendera agalu. Chaka chatha a Hafsah, mayi wina wophunzitsa za miyala kuyunivesite, anabwera kudzaiona, n'kuvomera kudzaitenga yonse kuti ophunzira aziigwiritsa ntchito, dzina la ababa litalembedwa pakabati. Ababa anagula jekete latsopano lodikirira tsikulo.

Ali m'chipatala, ine ndinkakhala komweko kuwasamalira. Amayi a kumpingo kwathu, monga amachitira pakagwa matenda, anabwera kudzatikonzera m'nyumba kuti wodwala adzafikire poyera. Ndinawapatsa makiyi onse, n'kuwauza kuti akonze paliponse. Kachipinda ka miyala sindinakaganizire.

Nditabwera masana kudzatenga zovala, ndinapeza miyala yonse itayanikidwa pamkeka pabwalo, ikuwala, itandandalikidwa kuyambira waukulu mpaka waung'ono. Amayi a Eddie, amene amatsogolera gululo, anandilandira manja atatuwa ndi sopo.

"Mwana wanga, nalimata wa m'nyumba muno ndi wachilungamo," anatero akuseka. "Mwala uliwonse anausiyira katosi kake kamodzi, sanakondere. Koma takwecha, palibe katsalako."

Tsikulo magetsi anali atazima, kachipindako n'kamdima, ndipo ambiri mwa amayiwo ulusi amachita kulowetseredwa m'singano ndi adzukulu. Kanthu koyera kokhala ndi kakuda, pamwala wafumbi, m'chipinda cha bambo wamasiye: nanenso ndikanati ndi nalimata. Timapepala ta m'mabokosi, todyedwa ndi njenjete, anatentha pamodzi ndi zinyalala. Miyala ina ya masamba, yofewa ija, inaphwanyika m'beseni momwemo. Chitsa chachikulu chamwala chija anachiimikira chitseko cha kukhitchini. Mmodzi wa iwo, Mayi Angela, anandipempha kamwala kamodzi kokhakhala, akuti n'kabwino kukwechera zidendene.

Ndinawathokoza, achimwene. Ndinawaphikira tiyi. Anthu anasiya geni zawo kumsika, ena anayenda wapansi kuchokera ku Chemusa, ndipo anachapa ngakhale zofunda zimene ababa anaonongera tsiku limene anagwa. Ndikanawauza chiyani? Anapemphera, anaimba nyimbo imodzi, n'kumapita.

Buku lilipo, palibe analikhudza. Koma mawu oti "tsamba, mwala wakuda" alembedwa malo ambirimbiri, ena a ku Chikwawa, ena a ku Rumphi, ndipo masambawo amafanana ngati a mtengo umodzi. Ndinazindikira yochepa chabe: chitsa, nkhono ziwiri, ndi fupa lija munkandiopseza nalo ndili mwana. A Hafsah nditawaimbira anati yodziwika kwawo adzatenga, koma yotsalayo ndi yongosangalatsa maso, pa kafukufuku singathandize. Sananame. Ndikanakhala iwo ndikanayankha chimodzimodzi.

Ababa atabwerera kunyumba, kachipindako ndinkakakhoma. Koma tsiku lililonse ankaloza chitseko ndi dzanja lamanzere, mpaka Lamlungu lina ndinawabweretsera mwala umodzi wa tsamba. Anautembenuza, chala chachikulu n'kupita molunjika pakona pamene panali kadontho. Anasisitapo. Anautembenuzanso. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Chabwino."

Sindikudziwa ngati kunali kundikhululukira, kundikalipira, kapena ankangofuna madzi.

Ndinaganiza njira. Popeza akumva, ndimaika mwala pamiyendo pawo, ndimagwira dzanja lawo labwinolo, n'kumawerenga malo a m'buku pang'onopang'ono, kuti ndikatchula olondola andifinye. Tsiku loyamba anandifinya pa Nkombedzi, ku Chikwawa, ndipo ndinasangalala mpaka kukagula penti yoyera. Koma mukundidziwa. Kuntchito kwathu koyeza magazi, okayikitsa sitiyeza kamodzi n'kupereka zotsatira. Mawa lake ndinabwereza mwala womwewo, anandifinya pa Chiweta, ku Rumphi. Tsiku lina anandifinya ndisanayambe n'komwe kuwerenga.

Penti ija sindinaitsegule. Sindingalembe nambala imene sindikuitsimikiza, ndipo ababa eni ake sakanalola. Komabe madzulo aliwonse ndikaweruka timakhala pakhonde, ine kuwerenga, iwo kufinya. Ndayamba kuganiza kuti mwina sakuyankha za miyala, akungogwira dzanja la mwana wawo.

Pempho langa ndi ili. Inu ndi amene munkapita nawo kutchire patchuthi, ine ndikutsala ndi malemu amayi. Madontho ambiri aja munadontheza ndinu. Ndikudziwa kuti munkadana nawo maulendowo, ndi dzuwa la ku Chikwawa lija, ndipo ndikudziwanso kuti munthu sangakumbukire mwala patapita zaka zonsezi. Sindikudzinamiza. Koma bwerani Disembala uno, musadikire kuti ndidzakuimbireni pa nkhani ina. Mudzakhale nawo pakhonde, mudzatchule mitsinje imene munawoloka limodzi, mudzawakumbutse za galimoto ija inatitimira mumchenga. Mwina akamva inu, liwu lachiwiri lingatuluke. Umboni wa zimenezi ndilibe.

Jekete lija likadali m'pulasitiki yake kuseri kwa chitseko. Ndikamawasambitsa m'mawa amaliyang'ana, ine n'kumachita ngati sindinaone. Kulichotsa ndikulephera, chifukwa angadziwe tanthauzo lake.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Mayamiko ndi mng'ono wake. Muwauze anawo kuti agogo awo ali ndi mtengo umene unasanduka mwala, adzaugwire ndi manja awo. Amayi a Eddie akupereka moni. Amafunsa za inu Lamlungu lililonse, ndiponso ngati nalimata uja anabwereranso. Ababa ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ndawafunsa ngati ndiikemo moni wawo. Andifinya dzanja, ati chabwino. Ndalemba mmene anenera.

Ine mlongo wanu,
Constance