Msonkhano wadzidzidzi pa za makasitomala amene atuluka pa gulupu ya WhatsApp

Kalabu ya Alimi a Tiyi ndi Zipatso ya Tikhulupirane
Tsiku: Loweruka, 15 Febuluwale 2025
Malo: Pa shedi yoyezera tiyi, kumusi kwa esiteti
Analipo: a Leonard Namakhwa (wapampando), a Sellah Mulepa (mlembi), a Everson Nakoma (osunga foni ya kalabu), mayi Fainess Muhiwa
Opepesa: a Esnat Makwinja, ali ndi matenda ku chipatala cha pa Boma

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba 2 koloko masana ndi pemphero. Wapampando anati aitanitsa komiti mwachangu chifukwa mapeyala akhwima, ayamba kugwa okha, koma sabata ino palibe waitanitsa ngakhale dengu limodzi.

2. Lipoti la foni
A Nakoma anati pa gulupu ya makasitomala panali anthu 64, atsala 38. Atafunsidwa, anavomera kuti amaponya uthenga woti "GULANI LERO" kasanu patsiku. Anati malonda ndi m'maso, ndipo ena akamatuluka ndiye kuti sanali ogula enieni.

Mayi Muhiwa anakumbutsa komiti kuti foniyo inalandidwa kwa iwo mu Disembala powanena kuti amatha bandulo ndi macheza. Anati machezawo anali ofunsa za ana a makasitomala ndi kuwalangiza kapsetsedwe ka mapeyala.

3. Nkhani ya mayi Joan a ku Limbe
Mlembi anawerenga zimene zinachitika Lachiwiri. Mayi Joan, amene ali ndi lesitilanti ndipo amatenga theka la zipatso zathu, analengeza pa gulupu kuti mayi awo amwalira. Patangopita mphindi zinayi, foni ya kalabu inaponya chithunzi cha mapeyala pansi pa uthengawo. Mayi Joan anatuluka, ndipo anzawo a m'mpingo anawatsatira.

A Nakoma anati uthenga wa malirowo sanauone. Mayi Muhiwa anati, "Simunauone chifukwa simuwerenga, achimwene. Mumangoponya." Wapampando anapempha bata.

A Nakoma anaganiza zowatumizira mayi Joan uthenga wotsitsa mtengo. Maganizowa sanavomerezedwe.

4. Zimene tagwirizana
a) Foni ibwerere kwa mayi Muhiwa. Iwo anailandira koma anachenjeza kuti sangalonjeze kuti anthu abwerera nyengo ino isanathe.
b) Kwa masabata awiri pa gulupu pasaikidwe malonda. Aliyense wotuluka aimbiridwe payekha, amvedwe kaye.
c) Lolemba mayi Muhiwa akwere minibasi kukapepesa maliro ku Limbe, ndipo za mapeyala asakatchule.

Wapampando anafunsa kuti nanga zipatso zikuwolazi titani nazo. Pa ichi sitinagwirizane kanthu.

5. Zina ndi zina
A Nakoma anapempha kuti apite nawo ku Limbe, popeza chala chimene chinalakwa ndi chawo. Mayi Muhiwa anati, "Mubwere, koma olankhula ndine." A Nakoma anavomera, ndipo anapempha kuti zilembedwe.

6. Kutseka
Komiti ikumananso pompano Loweruka pa 22 Febuluwale kudzamva ngati mayi Joan anatilandira. Msonkhano unatha 3:40 madzulo, mayi Muhiwa atapempherera banja loferedwa.

Wapampando: L. Namakhwa
Mlembi: S. Mulepa