Tinalekeza pa Tsamba 212

Wokondedwa mwana wanga Kamphepo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi mpongozi wanga. Chifuwa cha mdzukulu wanga chija chinatha? Kuno ndikudzuka, ndikudya, ndikusesa pakhonde. Azakhali ako anabwerera kwawo Lachiwiri, ndiye m'nyumba muno mwatsala ine ndi makina osokera a bambo ako. Sindinawaphimbe. Jekete la mphunzitsi lija lidakali pakhoma, mkono umodzi wosalumikiza, ndipo mwiniwake wati ndisavutike nalo.

Uthenga wako ndaulandira. Ukuti mwezi wamawa ukaima pamaso pa akuluakulu a sukulu zisanu kukawaonetsa pulogalamu yako yowerengera mofulumira, ndipo ukufuna kukayamba ndi nkhani ya bambo ako: telala amene anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka makumi anayi, koma anamaliza buku la masamba 480 m'masiku anayi. Wapempha chithunzi chawo, ndipo ndikutumizira. Koma yamba wawerenga kalatayi ndi maso ako, usaiike m'pulogalamu yako ija.

Choyamba, ndimakunyadira. Ndagwira ntchito mulaibulale zaka makumi atatu, mabuku adutsa m'manja mwanga osawerengeka, koma sindinapangepo kanthu kanga. Iwe wapanga. Tsiku limene unaika pulogalamuyo m'foni ya bambo ako, anaionetsa aliyense wolowa m'shopu. Munthu wangobwera kudzafupikitsa thalauza, iwo n'kumugwira pamkono kuti aone mawu akuthwanima limodzilimodzi pakati pa galasi. Ankati wapanga zimenezi ndi mwana wanga, uja ankatha nsapato mwezi umodzi chifukwa kuyenda sankakudziwa, ankangodziwa kuthamanga.

Adokotala atawauza zoona zake za matenda awo, bambo ako anapempha buku lachikuto chobiriwira lija, la mlimi wa njuchi ndi ana ake aakazi atatu. Ndinawapatsa tili pachibwenzi, ndisakudziwa kuti satha kuwerenga. Ngakhale atadzaphunzira, ankaliopa kunenepa kwake. Anati sakufuna kupita asanalimalize, ndipo iwe unaliika m'foni. Ali pabedi m'chipatala anakweza liwiro: mawu mazana awiri pamphindi, mazana atatu, mpaka mazana asanu. Tsiku lachinayi anakuimbira, ndipo kukondwa kwako ndinakumva ndili pampando wa pakhomo.

Zimenezo ukuzidziwa. Zotsatirazi sukuzidziwa.

Atadula foni, ndinawafunsa kuti mwa ana atatuwo anawasangalatsa ndi uti. Anati wapakati. Ndinafunsa chifukwa chake. Anayang'ana kudenga, anayang'ana botolo la diripi, kenaka anati kodi amayi a laibulale, mwayamba kulembetsa mayeso munthu ali pabedi? Ndinafunsanso kuti anawotcha ming'oma ya njuchi ndani. Anadzidzimuka, nati kodi inapsa? Tinaseka mpaka namwino anasuzumira.

Kenaka anandifotokozera monga telala. Anati zili ngati kupalasa makina ulusi wapansi utatha. Singano ikuthamanga, phokoso lili bwinobwino, nsalu ikuyenda, koma ukainyamula zidutswa ziwiri zija zikungopatukana. Chinawavuta n'chakuti mawu akadutsa, adutsa. Iwo anazolowera kubwerera m'mbuyo ndi chala, monga amabwezera singano pomanga msoko. Mawu akawakhudza ankafuna kuima kaye, koma foni inali itapita kale mizere itatu.

Usaganize kuti pulogalamu yako sinawathandize konse. Mauthenga a makasitomala ndi nkhani za mpira ankazimaliza msanga kuposa kale, ndipo mantha awo oopa tsamba lodzaza anatha. Popanda iyo, sakanalimba mtima kuyandikira bukulo. Zimenezo ukawauze akuluakuluwo, n'zoona.

Ndinawachonderera kuti akuuze okha. Anakana. Anati mwanayo ali kutali, bambo ake akudwala, chokhacho chimene watha kutumiza ndi luso lake, ndiye ine ndimubwezere? Anati mudzamuuze inu ndikapita, ndinu odziwa kusanja mawu. Ndasanja masabata atatu, mwana wanga, ndipo akukanabe kusanjika.

M'mawa mwake ndinabweretsa buku lenilenilo, tinayambiranso tsamba loyamba. Ankawerenga okha mokweza, chala pansi pa mzere, milomo ikulimbana ndi mawu aatali. Masamba asanu ndi limodzi patsiku, tsiku labwino khumi. Ankakangana ndi mlimi wa njuchi uja ngati wakhala pamapazi pawo, kumunena kuti ndi nkhutukumve, mwana wabwino ngati uyu angamuthamangitse bwanji. Bambo wa bedi loyandikana, woyendetsa malole, anayamba kudandaula tikalekeza, ati atelala, tsamba limodzi lokha, mankhwala adikira. Titafika pamene ming'oma inapsa, bambo ako anatseka buku, napukuta m'maso, nati tsopano yapsadi.

Ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi zitatu. Ndinawanyadira pamene anatsegula shopu, ndinawanyadira pamene analemba dzina lawo koyamba popanda kudinda chala. Koma sindinawanyadirepo ngati m'masabata anayi amenewo. Ankadziwa kuti pa liwiro limenelo sadzafika kumapeto, koma sanalumphe ngakhale mzere umodzi.

Tinalekeza pa tsamba 212. Anaikapo kachidutswa ka tepi yawo yakale yoyezera, ndipo kadakali pomwepo.

Ndiye ndikukupempha, usakanene kuti anamaliza m'masiku anayi. M'sukulu zimenezo muli ana owerenga ndi chala. Akamva nkhaniyo adzayang'ana nambala ya pagalasi n'kumadziyesa mbuli, monga bambo ako anadziyesera theka la moyo wawo. Ngati ukufuna kukatchula bambo ako, ukatchule zonse, ndi za ulusi wapansi zomwe. Ndipo ngati n'kotheka, pulogalamuyo uiphunzitse kubwerera m'mbuyo ndi kudikira munthu. Ine za makompyuta sindizidziwa, koma iwe ndimakudziwa. Ukhumudwa masiku awiri, lachitatu udzuka ndi nzeru.

Pempho lachiwiri ndi langa. Kwatsala masamba 268. Mathero ake ndikuwadziwa, ndinaliwerenga ndili mtsikana, koma ndekha ndikulephera kusuntha katepi kaja. Bukuli lili m'foni mwako. Uliyambe tsamba loyamba, pang'onopang'ono, ndipo ukafika pa 212 undiimbire. Kuyambira pamenepo, ukamaimba Lamlungu, uzindiwerengera mokweza masamba asanu. Usafulumire kuti undipeze. Sindikupita kulikonse.

Mulungu akusunge, akutsogolere pa tsiku la msonkhanolo. Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, umuuze kuti nsalu ija ndinaifunda pamaliro. Mdzukulu wanga umupsompsone pamphumi, ndipo akamawerenga ndi chala, musamuchotse chalacho.

Ndine mayi ako,
amene ndikudikira pa tsamba 212.